KANSOMBA KAGOLIDE M'TSITSI LA MWANA

Zithumwa ndi nyama zopatulika za Aejipito akale

Pakati pa caka ca 1913 ndi 1914, akatswiri ofukula zinthu zakale anali kugwira nchito pamalo ochedwa Harageh, pafupi ndi cigwa ca Fayum m'dziko la Ejipito. Mtsogoleri wao anali Mngelezi, Reginald Engelbach. Mwa manda ambiri amene anatsegula, panali ena amene anawapatsa nambala 72, ndipo m'menemo munagona mwana wa zaka ngati khumi. Pamodzi ndi mikanda ndi zokometsera zina panali kanthu kakang'ono, kosafika ngakhale kutalika kwa cala: kansomba kagolide, kosulidwa mwaluso kotero kuti maso ndi zipsepse zake zionekabe bwino lomwe. Pakamwa pake pali kamphete kolowetsamo cingwe. Lero kansombako kasungidwa mumzinda wa Edinburgh ku Scotland, koma mmisiri anakasula zaka pafupifupi 1,800 Kristu asanabadwe.

Okondedwa awerengi, tikamva za Aejipito akale, ambiri a ife timakumbukira Farao wouma mtima ndi miliri khumi ija. Tikamvanso kuti anthu amenewa anali kulemekeza ng'ombe, amphaka ndi ng'ona ngati milungu, timapukusa mitu ndi kuseka. Mwezi uno tipempha kuti tisanaseke, tiyambe taima pamanda a mwana uja. Munthu amene anamanga kansombako m'tsitsi la mwanayo sanali citsiru iai. Anali kholo, ndipo mumtima mwake munali mantha amene kholo lililonse la m'mbali mwa Luangwa kapena Zambezi liwadziwa bwino.

Mtsinje wopatsa, mtsinje wolanda

Dziko la Ejipito ndi cipululu, ndipo m'madera ambiri mvula imatha zaka osagwa. Moyo wonse unali m'kamzere kobiriwira ka m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Caka ndi caka mvula ya kumapiri a ku Ethiopia inali kudzaza mtsinjewo, ndipo kuyambira ca mu July kufikira October madzi anali kumiza minda yonse, midzi n'kutsala ngati zilumba. Pophwa, madziwo anali kusiya matope akuda acondewo amene anali kudyetsa dziko lonse. Ndiye cifukwa cake eni dzikolo analicha Kemet, kutanthauza dziko lakuda. Kusefukira kumeneku kunatha pamene damu lalikulu la Aswan linamalizidwa mu 1970.

Koma mtsinje womwewo unali kulandanso. Anthu anali kuyenda pa timabwato ta gumbwa womanga mitolo. Ana anali kutunga madzi, kusamba, kuwedza ndi kuolotsa ng'ombe pamadooko pamene ng'ona zinali kubisalira. Pa makoma a manda akale pali zithunzi za abusa akuolotsa ng'ombe, munthu wina ali m'bwato atalozetsa dzanja kumadzi, akunena mau oingitsa ng'ona. Kumira kunali koopsa kawiri, pakuti Aejipito anakhulupirira kuti munthu asowa thupi lake m'moyo wa kutsidya kwa manda. Mwana wotengedwa ndi madzi, mtembo wake osaoneka, anali ngati wafa kawiri.

M'dziko lotere ndimo munabadwira cithumwa ca nsomba, cimene iwo anali kucicha nekhau. Cinachuka kwambiri pakati pa zaka 2,000 ndi 1,700 Kristu asanabadwe. Zithunzi za m'manda ndi tiziboliboli zitionetsa m'mene anali kucivalira. Ana anali kumetedwa mutu n'kusiyidwa cingwe cimodzi ca tsitsi loluka cogwera pambali, ndipo kansombako kanali kulendewera kunsonga kwa tsitsilo. Atsikana osinkhuka nawonso anali kukavala. Akatswiri ambiri aganiza kuti colinga cake cinali kuchinjiriza wovalayo kuti asamire: nsomba simira, tsono mwana wovala nsomba akhale ngati nsomba m'madzi.

Nsomba ziwiri zosankhika

Mu Nile muli mitundu yambiri ya nsomba, koma amisiri a zithumwa anakonda iwiri. Kusankha kwao kutionetsa kuti anthu aja anali ndi maso akuthwa. Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yoyamba ndi nsomba ya mtundu wa nkholokolo, ya ndevu ndi minga yolimba, imene ili ndi khalidwe lodabwitsa: imakonda kusambira cagada pamwamba pa madzi, mimba kumwamba, msana pansi. Msodzi aliyense adziwa kuti nsomba yoyandama cagada ndi yakufa. Koma iyi ukati uitole, imagwedeza mcira n'kuthawa. Ioneka yakufa koma ili moyo, ndipo simira. Kansomba ka mwana wa ku Harageh kali ka mtundu umenewu.

Yaciwiri ndi mbale wake wa cambo, nsomba yomweyo imene masiku ano alimi a nsomba amaweta m'makola oyandama pa nyanja ya Kariba. Nsomba yaikazi ya mtundu umenewu imasunga mazira ake m'kamwa kufikira ataswa. Ngakhale ataswa, tiana tikaona coopsa timathawira m'kamwa mwa mai wao, ndipo coopsaco cikapita iye amatilavula tamoyo. Aejipito ataona zimenezi anati nsomba iyi imeza ana ake n'kuwabalanso. Motero anaiyesa cizindikiro ca kubadwanso, monga dzuwa limene anati limezedwa madzulo ndi kubadwanso m'mawa. Anaijambula pa makoma a manda, m'mbale zodyera ndi pa ziwiya zodzolera. Ku London kusungidwa kabotolo kagalasi kopangidwa ngati nsomba imeneyi, ka mizere ya mitundumitundu, kamene kanapezeka ku Amarna ndipo kanapangidwa zaka ngati 1,350 Kristu asanabadwe. M'nyimbo zao za cipembedzo anali kunenanso kuti nsomba ziwiri zimasambira kutsogolo kwa bwato la Ra, mulungu wa dzuwa, kuti zimcenjeze njoka yaikulu ya mdima, Apophis, ikamayandikira.

Taonani tsono zimene kholo linali kumangirira m'tsitsi la mwana wake: nsomba yosamira, kapena nsomba yobisa ana ake m'kamwa. Ngakhale ife amene sitikhulupirira milungu yao titha kumva pemphero limene linali m'kanthu kameneka.

Nthano ya mtsikana wopalasa bwato

Kuti tidziwe m'mene Aejipito anali kukondera zithumwa zimenezi, pali nthano yolembedwa pa pepala la gumbwa lochedwa Westcar, limene lisungidwa ku Berlin. Linalembedwa zaka ngati 1,600 Kristu asanabadwe, koma likamba za mfumu Sneferu amene analamulira zaka 1,000 izi zisanalembedwe, atate ake a Khufu, mwini piramidi lalikulu la ku Giza.

Tsiku lina, ikutero nthanoyo, mfumu inasungulumwa. Wansembe wamkulu, Djadjaemankh, anailangiza kuti ikayende panyanja ya kunyumba yacifumu, atsikana 20 akupalasa bwato. Ulendo unayamba bwino ndipo mtima wa mfumu unasangalala. Mwadzidzidzi mtsikana wotsogolera nkhafi anakhudza tsitsi lake, ndipo kansomba kake ka mwala wobiriwira wa mtengo wapatali kanagwera m'madzi. Iye analeka kupalasa, ndipo anzake onse a mbali yake analekanso. Mfumu inalonjeza kumpatsa kena, koma mtsikanayo anakana, nati afuna kake komweko. Pamenepo mfumu inaitanitsa wansembe uja. Iye ananena mau ake amatsenga, napinda madzi a mbali imodzi n'kuwasanjika pamwamba pa a mbali ina, natola kansombako pa phale pansi pa nyanja, kenaka nabwezera madzi m'malo mwake.

Iyi ndi nthano cabe, yokambidwa kuti anthu aseke ndi kuzizwa. Komabe itiphunzitsa kanthu. Mtsikana wamba anakana mphatso ya mfumu, ndipo omvera nthanoyo sanaone cacilendo. Kwa iwo cithumwa sicinali cokometsera wamba cimene ungasinthe ndi cinzake. Cinali ca munthu mmodzi, comangirira moyo wake.

Yopatulika kuno, ndiwo kutsidya

Tisaganize kuti Aejipito onse anali kusala nsomba. Anthu wamba anali kudya nsomba zambiri, zaziwisi, zouma ndi zamcere. Amisiri okumba manda a mafumu, amene anali kukhala m'mudzi wa Deir el-Medina, anali kulandira nsomba ngati gawo la malipiro ao. Ndipo buku la Numeri, mutu 11, litiuza kuti Aisraele ali m'cipululu analira pokumbukira nsomba za ku Ejipito. Koma Herodotus, Mgriki amene anayendera dzikolo zaka ngati 450 Kristu asanabadwe, analemba kuti ansembe sanali kuloledwa kulawa nsomba. Mfumu Piye ya ku Nubia itagonjetsa Ejipito, zaka zoposa 700 Kristu asanabadwe, inalembetsa pamwala kuti mafumu ena ogonja sanaloledwe kulowa m'nyumba yake, ndipo cimodzi mwa zifukwa cinali cakuti anali odya nsomba.

Cigawo ciliconse cinali ndi nyama yakeyake yopatulika. Ku Mendes, kumene Nile agawika asanathire m'nyanja, anali kulemekeza mulungu wamkazi Hatmehit, amene anali kumjambula atasenza nsomba pamutu. Ku Esna, kum'mwera, nsomba yopatulika inali cinsomba cacikulu ca mtundu umodzi ndi buka-buka wathu wa ku Tanganyika, cimene cimatha kukula kuposa munthu. Kumeneko kunapezeka manda a nsomba zokhazokha, zoumikidwa ndi mcere ndi kukulungidwa m'nsalu. Ndipo pa mtunda wa makilomita ngati 160 kum'mwera kwa Cairo panali mzinda umene Agriki anaucha Oxyrhynchus, dzina la nsomba ya mlomo wautali wopindikira pansi.

Nsomba imeneyi inali ndi mbiri yake. Plutarch, wolemba wa Cigriki wa zaka ngati 100 Kristu atabadwa, asimba kuti mulungu Seth anapha mbale wake Osiris, naduladula mtembo wake zidutswa 14. Isis, mkazi wa Osiris, anazifunafuna n'kuzipeza zonse kupatula ciwalo cimodzi, cimene cinagwera mumtsinje n'kudyedwa ndi nsomba za mitundu itatu, imodzi mwa izo ndi iyi ya mlomo wautali. Anthu a ku Oxyrhynchus sanali kuidya, ndipo anali kukana ngakhale nsomba iliyonse yogwidwa ndi mbedza, poopa kuti mwina mbedzayo inakolapo nsomba yao yopatulika.

Plutarch yemweyo asimba zimene zinacitika m'masiku ake. Pafupi ndi Oxyrhynchus panali mzinda wa Cynopolis, kumene galu ndiye anali wopatulika. Anthu a ku Cynopolis anadya nsomba ija. Pobwezera, a ku Oxyrhynchus anagwira galu, namupha ngati nsembe, namudya. Nkhondo inabuka, anthu anapwetekana kwambiri, kufikira Aroma anabwera kudzalanga mbali zonse ziwiri. Nsomba imene inayamba ngati cizindikiro ca moyo inafika pokhetsa mwazi wa anansi.

Kodi anali kupembedzadi nyama?

Funso limeneli lifuna yankho losamala. Mwejipito wophunzira sakananena kuti mphaka wogwira makoswe m'nkhokwe yake ndiye analenga dziko. Iwo anakhulupirira kuti milungu siioneka, koma mphamvu yake imadzionetsa m'zolengedwa. Pojambula mulungu ndi thupi la munthu ndi mutu wa nyama, anali ngati akulemba khalidwe lake. Sekhmet, wa nkhondo ndi miliri, anampatsa mutu wa mkango waukazi. Horus, wa kumwamba ndi ufumu, mutu wa kabawi. Anubis, woyang'anira akufa, mutu wa nkhandwe, nyama yoyendayenda kumanda usiku. Taweret, mchinjirizi wa amai apakati, anali mvuu yaikazi ya mimba yaikulu, pakuti palibe nyama yoteteza mwana wake mwaukali kuposa mvuu. Komabe anthu omwewo anali kusaka mvuu ndi kudya nyama ya ng'ombe.

M'akacisi ena munali kusungidwa nyama imodzi yamoyo, yoyesedwa mthenga wa mulungu wa pamalopo. Yochuka koposa inali nkhunzi Apis ya ku Memphis, ya mulungu Ptah. Inayenera kukhala yakuda, ya banga loyera pamphumi ndi zizindikiro zina zodziwika kwa ansembe. Inali kukhala imodzi yokha pa nthawi imodzi. Anthu anali kubwera ndi mafunso ao, ndipo yankho anali kuliwerenga poona khola limene nkhunziyo yalowa, kapena ngati yalandira cakudya m'dzanja la wofunsayo. Ikafa, dziko linali kulira maliro, mtembo wake unali kukonzedwa ngati wa mfumu, ndipo ansembe anali kuyendayenda kufunafuna mwana wa ng'ombe wa zizindikiro zomwezo. Mu 1851 Mfalansa Auguste Mariette analowa m'manda a nkhunzizi ku Saqqara, napeza njira zazitali za pansi pa nthaka ndi mabokosi amiyala 24, ena olemera matani oposa 60. Akatswiri ena a Baibulo aganiza kuti Aisraele anali ndi nkhunzi zotere m'maganizo pamene anasula mwana wa ng'ombe wagolide patsinde pa phiri la Sinai.

Ku Fayum, cigwa comwe cija ca pafupi ndi manda a mwana wathu, nyama yopatulika inali ng'ona ya mulungu Sobek. Herodotus anena kuti anali kuiveka ndolo ndi zibangili. Strabo, mlendo wina wa Cigriki, anaona ansembe akuikanula kukamwa n'kuidyetsa mkate, nyama yooca ndi cakumwa ca uci. Koma kum'mwera, ku Elephantine, anthu anali kudya ng'ona. Za amphaka a mulungu wamkazi Bastet, Herodotus analemba kuti mphaka akafa m'nyumba, onse a m'banjamo anali kumeta nsidze zao. Ndipo Diodorus wa ku Sicily, amene anali ku Ejipito zaka ngati 60 Kristu asanabadwe, asimba kuti anaona ndi maso ake khamu la anthu likuukira Mroma amene anapha mphaka mwangozi. Ngakhale nduna zotumidwa ndi mfumu zinalephera kumpulumutsa. Moyo wa mphaka unalemera kuposa moyo wa munthu.

Pamene cipembedzo cinasanduka msika

Kuyambira ca m'ma 660 Kristu asanabadwe, mwambo wina unakula modabwitsa. Zinali zaka za mavuto, pamene dziko linagwa m'manja mwa alendo motsatizana: Aperisi mu 525, Agriki mu 332, Aroma mu 30. Anthu anagwiritsa zolimba miyambo imene inali kuwasiyanitsa ndi alendowo. Munthu wopita kukacisi anali kugula mtembo wa nyama ya mulungu wa pamenepo, woumikidwa ndi mcere wa m'cipululu ndi kukulungidwa bwino m'nsalu. Ansembe anali kuuika m'manda a pansi pa nthaka kuti mzimu wa nyamayo ukapereke pempho lake kwa mulunguyo.

Opempha anaculuka, ndipo nyama zofa zokha sizinakwane. Tsono akacisi anayamba kuweta nyama kuti aziphe. Akatswiri atapima mitembo ya amphaka ndi makina a X-ray anapeza kuti ambiri anali ana amphaka osakwana caka, ndipo ena anali othyoledwa khosi. Ku Tuna el-Gebel kunaikidwa mbalame za mulungu Thoth, za mlomo wautali wokhota, mamiliyoni angapo. Mu 2015 akatswiri a ku yunivesite ya Cardiff analengeza kuti m'manda a agalu a ku Saqqara munali nyama pafupifupi 8 miliyoni, zambiri mwa izo tiana ta agalu tongobadwa kumene. Anthu amene anapha Mroma cifukwa ca mphaka mmodzi anali kugula amphaka ophedwa dala pakhomo pa kacisi.

M'caka comweco ca 2015, akatswiri a ku Manchester anaulula zimene anapeza atapima mitembo ya nyama yoposa 800. Gawo limodzi mwa magawo atatu linali ndi nyama yathunthu, lina linali ndi ziwalo cabe, ndipo lacitatu linalibe fupa ngakhale limodzi: munali matope, timitengo, nthenga ndi zikamba za mazira. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyenera kunena mwacilungamo kuti akatswiriwo aganiza kuti zina mwa zinthuzi, monga nthenga ndi zinyalala za m'cisa, zinali kuyesedwa zopatulika cifukwa zinakhudza nyamayo. Koma cinyengo cinaliponso. Zolemba za munthu wina wa m'kacisi dzina lake Hor, wa ku Saqqara, wa zaka ngati 170 Kristu asanabadwe, zisimba za anchito amene anamangidwa cifukwa ca kusokoneza maliro a mbalame zopatulika, ndi za lamulo lakuti mumphika uliwonse muziikidwa mbalame imodzi.

Mapeto a zina mwa nyamazi ndi omvetsa cisoni. Mu 1888 mlimi wina pafupi ndi Beni Hasan anatulukira manda a amphaka. Mu 1890 matani ngati 19 a mitembo yao, amphaka pafupifupi 180,000, anafika pa doko la Liverpool ku England, nagulitsidwa kuti apere akhale feteleza. Mapemphero a anthu osauka, ogulidwa ndi thukuta, anakathera m'minda ya alendo.

Nsomba ina ifika ku Nile

Ayuda okhala ku Ejipito anaona zonsezi ndi maso ao. Buku la Luntha, limene ena alicha Nzeru za Solomoni, akatswiri ambiri akhulupirira kuti linalembedwa ndi Myuda wa ku Alexandria, Kristu ali pafupi kubadwa. Lidzudzula kolimba kupembedza nyama. Komabe pa mutu 13 mlembi wake aonetsa cifundo kwa anthu amene anatengeka ndi kukongola kwa zolengedwa, pakuti mwina anasokera akufunafuna Mulungu. Colakwa cao, iye atero, n'cakuti anaima pa nchito osafika kwa Mmisiri wake.

Cikristu citafalikira m'mbali mwa Nile, miyambo yakale inazilala pang'onopang'ono. Nkhunzi yopatulika yomaliza imene tili ndi mbiri ya maliro ake inaikidwa ku Armant mu 340, ndipo mu 391 ndi 392 mfumu Theodosius ya Aroma inaletsa nsembe za m'akacisi. Koma nsomba sinacoke. Ca m'ma 200, mphunzitsi Clement wa ku Alexandria, yemwe anali kuseka akacisi okongola obisa mphaka kapena ng'ona kuseri kwa nsalu yochinga, analangiza Akristu kuti pa mphete zao azijambulapo nkhunda, ngalawa, nangula kapena nsomba. Pa Cigriki, zilembo zisanu za liu lakuti nsomba ndizo zoyamba za mau otanthauza Yesu Kristu, Mwana wa Mulungu, Mpulumutsi. Nsomba ya Akristu sinali mulungu, ndipo sinali mankhwala. Inali civomerezo ca cikhulupiriro.

Mzinda wa Oxyrhynchus, uja wa nkhondo ya nsomba ndi galu, unasanduka mzinda wa Akristu, ndipo alendo a kumapeto kwa zaka za m'ma 300 anawerengamo machalichi 12. Kuyambira 1896, Bernard Grenfell ndi Arthur Hunt a ku Oxford anakumba m'madzala a mzindawo napeza zidutswa za gumbwa zolembedwa pafupifupi 500,000, zina mwa izo zidutswa zakale kwambiri za Mthenga Wabwino. Koma anapezanso cina cimene ciyenera kuticepetsa: zithumwa za Akristu. Cina cili ndi mau a Mateyo onena za Yesu akuciritsa odwala, olembedwa m'maonekedwe a mitanda. Cina ndi kapepala kopindapinda, kopempha kuti mai wina acire kutentha kwa thupi. Milungu inasintha, koma mantha a anthu ndi dzanja lofuna kumangirira kanthu pa thupi la wokondedwa zinatsala zomwezo.

Nanga ife?

Tonse amene timathandiza pa tsiku la ubatizo wa makanda tadzionera tokha. Mai akamavundukula mwana, m'ciuno kapena padzanja pamaoneka kacingwe ka mphinjiri kamene agogo anamanga. Pa nsalu yomweyo pamakhalanso mendulo ya Amai Maria. Sitilemba izi kuti tinyoze agogo. Cikondi cao ndi comwe cija ca kholo la ku Harageh. Koma mbiri ya Ejipito itionetsa njira imene zinthu zotere zimayenda. Ziyamba ndi cikondi ndi mantha. Kenaka cizindikiro ciyesedwa kuti cili ndi mphamvu mwa ico cokha. Pamenepo pabwera wogulitsa, ndipo wosauka alipira mtolo umene m'kati mwake muli matope.

Katekisimu wa Eklezia Katolika, wofalitsidwa mu 1992, pa nambala 2117 adzudzula kuvala zithumwa. Koma pa nambala 2111 acenjezanso ife eni ake, kuti munthu amene ayesa kuti pemphero kapena cinthu codalitsidwa cigwira nchito mwa kungocivala kapena kungocinena, mtima uli kwina, wagwa m'kulakwa komweko. Mendulo ndi cikumbutso ca pemphero la Eklezia ndi ca Iye amene timkhulupirira. Tikaisandutsa mankhwala oletsa tsoka, tangosintha maonekedwe a kansomba kaja.

Ndipo madzi akali kulanda ana. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linawerengera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa ndi kumira, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anai aliwonse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Ambiri a ana otere samira pakati pa mtsinje waukulu, koma pafupi ndi nyumba: m'citsime cosavundikira, m'dzenje loumbira njerwa lodzala ndi mvula, m'ndowa ya madzi, m'bwato lodzaza mopitirira. Tsoka silinunkha. Mulungu amene anaphunzitsa nsomba kubisa ana ake m'kamwa anatipatsa ife maso, manja ndi nzeru. Tivundikire zitsime, tikwirire maenje, tisasiye khanda m'manja mwa mwana mnzake pafupi ndi madzi, ndipo ana osinkhuka aphunzitsidwe kusambira pamaso pa akulu.

Kansomba ka ku Harageh kakali kunyezimira patapita zaka 3,800, koma mwini wake anafa ali ndi zaka khumi. Amene anamuika m'manda sanakacotse kuti akagulitse, ngakhale kanali kagolide. Anamsiyira kuti apite nako, poyembekeza kuti kutsidyako kuli madzi ena oti aoloke ndi moyo wina woti aulandire. Anthu otere sitiyenera kuwaseka. Anaona zoona zambiri m'zolengedwa, ndipo anakonda ana ao monga ife tikonda athu. Ife amene tauzidwa dzina la Mlengi wa nsombazo, tiyang'ane bwino cimene tamangirira pa ana athu, ndi kumene taika cikhulupiriro cathu.